Amake Lazaro

Ku Francistown mtsinje wawo ndi wamchenga wokhawokha. Tsiku limene basi inatiolotsa pa mlatho ndinasuzumira pawindo kuti ndione madzi, koma ndinangoona mbuzi zikuyenda pakati pa mtsinje ngati zili pabwalo la nyumba. Ine wobadwira ku Nsefu, kumene mtsinje wa Luangwa ukakwiya umanyamula munda ndi mitengo yomwe, ndinaseka ndekha mpaka mayi amene ndinakhala naye pampando anandiyang'ana. Mumtima ndinati dziko ili sindikhalitsamo. Ndinakhalamo zaka zinayi, ndipo masiku ena ndimalisowa dziko la Botswana lija moti ndimachita manyazi kuuza anthu.

Sikuti ndinali munthu wokonda kuyenda. Bambo wa ana anga anamwalira atadwala nthawi yaitali, ndipo chaka chomwecho njovu zinalowa m'munda chimanga chitangoyamba kukhwima. Tinaliza zitini, tinafukiza tsabola, koma zinadya ngati zachita kuitanidwa. Thonje limene linatsala, ogula anatchula mtengo wonga kutukwana. Ana ndinali nawo atatu: Zelina wa zaka khumi ndi zitatu, Petulo womutsatira, ndi Lazaro amene ndinali nditangomuletsa kuyamwa. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu, amene anali ndi m'bale wake ku Botswana, anandiuza kuti kuli banja limene likufuna wolera khanda. Ndinagwirizana ndi mng'ono wanga Tisa kuti abwere adzakhale ndi ana, ine ndikagwire chaka chimodzi chokha.

M'mawa wa tsiku lonyamuka, Zelina anali pansi pa mtengo wa mango ndi anzake akusewera chiyato. Pa masewera amenewo mwanayo analibe mnzake. Akaponya mwala m'mwamba, dzanja lake linkakolola timiyala tonse m'kadzenje mwalawo usanabwerere. Ndinamuitana mpaka mawu kusasa asanandimve. Tinayenda tonse kukafika kumsewu waukulu, alongo anga a Sitefano atamangirira chikwama changa panjinga. Minibasi ya ku Chipata itaima, Lazaro anali kumbuyo kwanga. Ndinamumasula n'kumupereka kwa Zelina, chifukwa ndiye anali pafupi.

"Tamugwira pang'ono," ndinatero.

Ndinakwera, kondakitala anatseka chitseko. Zelina anali akadali ndi timiyala take tiwiri m'dzanja, ndipo ndinamuona akutitaya pansi kuti amugwire bwino mwanayo.

Banja limene ndinakagwirako ntchito linali la namwino wa pachipatala china ndi mwamuna wake woyendetsa malole. Mayiyo ndinkawatcha madamu. Khanda lawo, dzina lake Neo, linali la miyezi itatu, lofiira, lolira ngati kambuzi. Anandipatsa kachipinda kuseri kwa nyumba, pafupi ndi pamene ankaimika galimoto. Ife a kuchigwa timadziwa kutentha, kuzizira sitikudziwa. Mwezi wa Juni madzi a pampopi ankaluma zala, ndipo ndinkachapa matewera ndikutukwana m'Chikunda mokweza ndithu, poti panalibe wondimva.

Amene anandiphunzitsa kukhala m'dzikomo ndi Sibongile, mayi wa ku Bulawayo amene ankagwira ntchito panyumba yoyandikana nayo. Tinadziwana pampanda tikuyanika zovala. Anali wamfupi, wolongolola, woseka ndi thupi lonse. Ndiye anandiuza njira yolambalala apolisi ofunsa mapepala, sitolo imene ufa wake suwawa, ndi mawu a Chitswana oyankhira madamu mwaulemu pamene mtima ukuwira. Lamlungu tinkasonkhana pansi pa mtengo waminga kuseri kwa siteshoni ya mabasi, akazi a ku Zimbabwe, a ku Malawi ndi a ku Zambia, kulukana tsitsi ndi kujeda mabwana athu. Tsiku lina galimoto ya apolisi inatulukira mwadzidzidzi, tonse tinabalalika. Ine ndinathawa mutu utalukidwa mbali imodzi, chipeso chili chilili m'tsitsi, n'kukalowa m'tchalitchi cha eni chimene chinali pakati pa mapemphero. Ndinaimba nawo nyimbo zosadziwa mpaka kumapeto. Sibongile ananditcha mlaliki kuyambira tsiku limenelo.

Woyendetsa lole wina wa ku Chipata ankandibweretsera nsomba zouma za kwathu akamadutsa. Madamu analetsa kuziphika m'nyumba mwawo, ati fungo limalowa m'makatani, choncho tinkaphikira kwa Sibongile mabwana ake akachoka. Iye ankatseka mphuno n'kumati anthu a ku Zambia timadya zinthu zofa kalekale, koma mbale yake ndi imene inkayamba kuyera. Naye anasiya ana awiri kwa apongozi ake. Za ana sitinkakamba kawirikawiri. Wina akayamba, mnzake ankamukoka tsitsi kuti alire ndi chifukwa china.

Masiku amenewo anali owawa, sindikukana. Koma ndi nthawi yokhayo m'moyo wanga imene ndinkadzuka Lamlungu popanda munthu wondidikira kuti ndimupatse chakudya. Ndinkasamba mosathamanga, kuvala nsapato zanga zofiira, kugula fanta yanga ndekha n'kumwa yonse. Chaka china mvula inagwa yambiri, mtsinje wamchenga uja unadzaza usiku umodzi. M'mawa tawuni yonse inathamangira pa mlatho kukaona madzi, anthu akuluakulu akujambula ndi mafoni. Ndinamuuza Sibongile kuti kwathu madzi otere ndi osambitsira ana. Ndikunena choncho misozi inali ikutsika, chifukwa fungo la matope lija linali fungo la kwathu.

Neo ndinamulera monga ndinalerera anga. Ndinkamubereka ndi chitenje, chinthu chimene madamu poyamba sanachifune, koma ataona kuti mwana akugona bwino anangondileka. Ndinkamuimbira nyimbo za kwathu. Pogona ankagwira khutu langa, ndipo akalisowa khutulo ankalira mpaka kubanika. Tsiku limene anayamba kuyenda, madamu anali atangofika kuchokera kuntchito. Anagwada n'kutambasula manja. Mwana anadzandira, anawadutsa, n'kudzagwera pamiyendo panga. Madamu anaseka, koma anatha masiku osandiyang'ana kumaso. Ine ndinkangoti ndi nsanje za anthu olemera.

Kumudzi ndinkaimba pa foni ya oyandikana nawo nyumba, Amake Dalitso. Chaka choyamba Zelina akangomva mawu anga ankalira osatha kuyankhula. Mvula yachiwiri isanagwe, Tisa anakwatiwa ku Petauke n'kupita. Sindimuimba mlandu, naye anali ndi moyo wake. Alongo anga anati azisuzumirako, ndipo ankasuzumiradi, koma phala la m'mawa sankaphika ndi iwo. Zelina anali atakhoza mayeso a giledi seveni, koma sanapitirize. Ndinati ndibwerera chaka chikatha. Chaka chikatha denga linkafuna malata, Petulo ankafuna yunifomu, ndiye ndinkawonjezera china.

Kenako kulira kuja kunatha. Ndikaimba, Zelina ankandipatsa moni ngati mzimayi mnzanga n'kuyamba kufotokoza: mbewu tabzala, mbuzi yaswa, Lazaro anali ndi chifuwa koma wachira. Ndikafuna kugula nsapato, ankatumiza kwa woyendetsa lole wa ku Chipata uja timaluzi toyezera mapazi. Tinkabwera tiwiri, ka Petulo ndi ka Lazaro. Ndikafunsa kake, ankati zake zikadali zabwino.

"Musade nkhawa, amama, ana ali bwino," ankatero.

Ndinkanyadira kwambiri. Lamlungu lina ndinamuuza Sibongile mawu amenewo modzitama, iye anasiya kundiluka.

"Akuti ana ali bwino? Nanga iyeyo ndi ndani, si mwana?"

Ndinamuuza kuti aluke tsitsi, asiye za eni.

Chimene chinandibweza ndi foni ya alongo anga. Anati a Sakala, ophika pa loji ina ya alendo ku Mfuwe, amene akazi awo anamwalira n'kusiya ana atatu, amuona Zelina ndipo akufuna kutumiza ankhoswe.

"Mwana uja ndi mzimayi kale, mudzi wonse ukudziwa," anatero. "Mwini wake sakukana. Bwerani tidzakambe, Amake Zelina. Thonje likagulitsidwa anthu aja abwera."

Zelina anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri.

Sabata yomaliza ndinkangomununkhiza Neo pamutu akagona, kuti fungo lakelo ndipite nalo. Tsiku lochoka, madamu anatuma amuna awo kuti apite naye kusitolo kuti asandione ndikutuluka. Ankati zikhala zopepuka kwa mwana, ndipo mwina ankanena zoona. Pageti ndinayamba kuwauza kuti phala lake lisamalimbe, kuti amaopa galu wa kutsidya kwa msewu, kuti pogona azimupatsa khutu. Madamu anandidula mwaulemu.

"Ndikudziwa. Ndi mwana wanga."

Anandipatsa bulangete latsopano, anandithokoza, geti linatsekedwa. Sibongile anandiperekeza kusiteshoni atasenza chikwama changa, akundinyoza njira yonse kuti ndikumusiya ndi anthu osadziwa kuseka. Ndinalira mpaka kumalire, ku Kazungula. Nkhope ya Neo sindinaionenso.

Ndinafika kumudzi masana, thonje litayera m'minda. Ndinkaopa kupeza bwinja. Ndinapeza pabwalo posesa, khola la mbuzi, khitchini yofolera bwino, tsabola woopsezera njovu atayanikidwa pamphasa. Mtsikana wamtali, woonda, atamanga chitenje ndi duku ngati wa m'bungwe la amayi, anatuluka n'kugwada patali.

"Mwafika, amama? Mwayenda bwanji?"

Ndinatambasula manja, iye anandipatsa mpando. Petulo yekha ndi amene anandikumbatira. Kamnyamata ka zaka zisanu kanabisala kumbuyo kwa Zelina, kakundiyang'ana ndi diso limodzi.

"Lazaro, pereka moni kwa amama," anatero Zelina.

Mwanayo anamuyang'ana iyeyo modabwa. Amama amene ankawadziwa anali atawagwira kale chitenje.

M'mawa mwake Amake Dalitso anaitana ali kuseri kwa mpanda: "Amake Lazaro! Mwadzuka bwanji? Tibwerekeniko sefa." Ndinavomera, Zelina nayenso anavomera. Amake Dalitso anachita manyazi n'kunena kuti amaitana wamng'onoyo. Pambuyo pake anandifotokozera. Zinayambira kusikelo. Anamwino poitana amatchula dzina la mwana, ndipo amene ankaimirira mwezi ndi mwezi anali Zelina. Azimayi anayamba mwanthabwala, dzina linakakamira. Atsikana anzake anasiya kumuitana kumasewera chifukwa nthawi zonse anali ndi mwana kumbuyo. Kutchalitchi ankakhala pakati pa azimayi, pamaliro ankatunga madzi ndi kuphika nawo. Dzina lakuti Zelina linali litatsala pakamwa pa Petulo ndi panga.

Masabata otsatira inali nkhondo yopanda phokoso. Ndikasesa, iye ankabwereza. Ndikathira mchere m'ndiwo, ankalawa. Chakudya ankagawa ndi iye: ana poyamba, kenako ine mlendo, mwini wake pomaliza, kukombeza mumphika atafulatira anthu. Ndinamugulira diresi la maluwa ku Francistown, iye analipinda bwinobwino n'kunena kuti limuyenera mtsikana wa kwa amalume ake. Ndinapita kukaonana ndi aphunzitsi aakulu a sekondale ina yogonera konko, ndipo anati akhoza kumulandira giledi eyiti mu Januwale. Nditamuuza anaseka kuseka kwa munthu wamkulu, kuja kosaonetsa mano.

"Ndikakhale pa desiki ndi ana amene ndinkawapukuta mamina? Nanga Lazaro azidya kuti?"

"Azidya kwa amake," ndinatero.

Anatenga ndowa n'kupita kuchitsime.

Tsiku lina masana ndinatenthetsa madzi kuti ndimusambitse Lazaro. Mwana anakuwa ngati ndikumusenda. Zelina anathamanga kuchokera kudimba khasu lili m'manja, n'kumukwatula m'beseni. Ine mtima wanga ndi wapachala, sindibisa.

"Iwe! Mwana uyu ndinabereka ndine! Ndi wanga! Manje ndabwera, ntchito yako yatha."

Anamupukuta mwanayo pang'onopang'ono osandiyang'ana. Kenako anati, "Chabwino, amama. Ngati yatha, ine pano ndine ndani? Kwa a Sakala kuli ana atatu opanda mayi. Chimene ndimadziwa ine ndi chimenecho chabe, zina sindizidziwa. Uzani amalume kuti anthu aja abwere Loweruka."

A Sakala sanali munthu woipa. Ndinkawadziwa, anali a msinkhu wa malemu bambo ake a Zelina. Alongo anga sankamvetsa chimene ndinkakanira. "Mukufuna chiyani, Amake Zelina? Munthu wa pantchito, samwa, samenya. Mwanayu sukulu inamupita kale." Ine chimene chinkandiwawa n'chakuti mwana wanga achoke pa kulera ana anga kupita pa kulera ana a eni, asanadziwe n'komwe kuti iye mwini ndi munthu wotani. Koma ndinkadziwanso kuti ndikamuletsa mwaukali athawira komweko, ndipo sadzabweranso.

Loweruka lili pafupi, ndinkachokera kuchitsime ndi ndowa pamutu dzuwa lili paliwombo. Ndinawapeza pakhonde. Lazaro anali atagona pamiyendo pa Zelina, ndipo iye anali atawerama akumununkhiza pamutu, maso atatseka. Sanandione. Ndinaima pomwepo madzi akundidonthera m'khosi. Kununkhiza kumeneko ndinkakudziwa. Mawu amene ndinamukalipira nawo pa beseni ndinawamvanso, koma anali kutuluka pakamwa pa madamu, pageti paja. Mwana wanga sankachita mwano ayi. Ankalandidwa mwana, ndipo wolandayo ankayembekeza kuti amuthokoze.

Kwathu munthu akakulerera mwana sumangofika n'kumunyamula ngati mtolo wa nkhuni. Umapita ndi nkhuku ndi chitenje, pamaso pa anthu, kukagwada ndi kuthokoza, ndipo wolerayo ndi amene amanena ngati mwana apite. Akanakhala kuti walera ndi Tisa kapena Amake Dalitso, ndikanachita zimenezi tsiku lomwe ndinafika. Sizinandibwerere m'mutu chifukwa wolerayo anali mwana wanga.

M'mawa wa Loweruka, ankhoswe asanafike, ndinaitana alongo anga, Amake Dalitso ndi azimayi ena a pafupi. Ndinagwira tambala woyera, ndinatulutsa chitenje chatsopano chimene ndinkasungira Khirisimasi. Zelina anali pakhomo la khitchini akupeta mpunga. Ndinagwada pafumbi patsogolo pake n'kuomba m'manja.

"Odi, Amake Lazaro."

Azimayi anayamba kuseka. Alongo anga anati, "Kodi ku Botswana munakapengako?" Zelina anaimitsa lichero.

"Amake Lazaro, ndabwera kudzathokoza," ndinatero. "Ndinakusiyirani khanda pamsewu, mwandilerera mpaka lakula. Nanenso ndinalerapo mwana wa eni, ndipo tsiku lochoka sanandilole ngakhale kumutsanzika. Ndikudziwa mmene zimawawira. Sindinabwere kudzalanda. Ndikupempha chabe kuti mundibwereke mwana wanu, mundiphunzitse mmene mumamulerera, kuti nanunso mukaoneko zina. Mukakana, ndamva."

Kuseka kunatha. Zelina anayang'ana tambala, anayang'ana chitenje. Tambalayo anayamba kuphupha m'manja mwanga. Kenako anayankhula ndi mawu ake achikulire aja.

"Madzi osamba asamatenthe, amafuna ofunda chabe. Nsomba muzimuchotsera minga, amameza osatafuna. Akamva njovu zikulira amakodza pogona, musamamukalipire. Akatentha thupi…"

Mawu anathera pamenepo. Lichero linagwa, mpunga unamwazika, nkhuku zinathamangirapo. Analira. Sikunali kulira kwa azimayi a pamaliro, kunali kuja kokuwa, kwa mamina, kumene ndinkakumva pafoni chaka choyamba. Anagwera pamiyendo panga, tambala anapulumuka n'kuthawa.

"Munati pang'ono, amama. Munati ndimugwire pang'ono."

Ndinangomugwira mutu. Duku linagwa, ndipo ndinaona kuti tsitsi lake panalibe amene analiluka kwa nthawi yaitali.

Ankhoswe a a Sakala atafika anatipeza pansi pa mango ndikumuluka mmene anandiphunzitsira Sibongile. Alongo anga anang'ung'udza, koma anakawalandira n'kuwauza kuti pakhomo pano mbeta palibe, pali mwana wasukulu. A Sakala anadzakwatira mayi wina wa ku Lupande, ndipo tikakumana kumsika ku Mfuwe timapatsana moni bwinobwino.

Sikuti zonse zinatheka tsiku limenelo. Miyezi yotsatira ndinali wophunzira ntchito m'nyumba mwanga momwe. Ndikamasambitsa Lazaro, Zelina ankaima chapafupi ngati kapitawo, chala chake chikuyeza madzi. Mwanayo anayamba kunditcha amama aakulu, dzina la amama chabe linakhalabe la Zelina, ndipo ndinavomera. Zelina mwini masiku ena ankadzuka n'kunena kuti kusukulu sapita. Masiku ena ndinkamupeza kuseri kwa khola akuwerenga mabuku a Petulo, akandiona n'kuwabisa ngati waba. Tsiku lina ndinamufunsa ndiwo imene amakonda kuti ndimuphikire. Anaganiza nthawi yaitali, n'kutchula imene amakonda Lazaro.

Januwale inafika ndi mvula yake, Luangwa atadzaza. Tinayenda njira yomwe ija kupita kumsewu waukulu, alongo anga atamangirira panjinga thiranki la zovala za Zelina za kusukulu, matope akutikakamira kumapazi. Zelina anavala yunifomu, ndipo ankangoikokera pansi siketiyo chifukwa anali ataiwala kuyenda miyendo ili poyera. Lazaro anali wamkulu woti n'kuyenda yekha, koma iye anamubereka njira yonse ndi chitenje chimene ndinamupatsa chija, miyendo ya mwanayo ikulendewera mpaka m'mawondo.

Minibasi inaima, kondakitala akukuwa kuti tifulumire. Zelina anamasula chitenje, anamutsitsa mwana, anamununkhiza pamutu. Kenako anandiyang'ana. Maso anali ofiira, koma pakamwa panali kumwetulira kwa kamtsikana ka chiyato kaja.

"Amama, tamugwirani pang'ono."

Lazaro anakuwa, anandimenya ndi timiyendo take, anaitana amama ake mpaka minibasi inakhota n'kusowa. Ndinamugwira ndi manja onse awiri.